Hilux yasiya kukoka ndipo ikufuka utsi wakuda: ndi turbo kapena manifold?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe yemwe ali ndi Toyota Hilux ya 2011, injini ya 3.0 D-4D, yomwe yayenda makilomita oposa 260,000. Iwo akuti: "Miyezi yapitayi galimoto yasiya kukoka. Pamtunda imafuka utsi wakuda, ndipo tsiku lina ndikukwera kuchokera ku Golomoti kupita ku Dedza nyali ya injini inayaka, galimoto n'kuyamba kukwawa. Ndikaizimitsa n'kuilizanso imabwererako pang'ono. Makaniko wina akuti ndigule turbo. Wina akuti manifold yadzaza kaboni, tingotsuka n'kutseka EGR. Ndimve ziti?"

Bambo, ndalama ya turbo ija isungeni kaye. Pa makaniko awiriwo, wachiwiriyo ndiye wayandikira, koma mmene mwafotokozeramu onse awiri angolosera, palibe wayeza kanthu. Utsi wakuda pa injini ya dizilo umanena chinthu chimodzi chokha: mafuta achuluka kuposa mpweya woti awawotche. Mwina mpweya ukulowa wochepa, mwina ukuthawira panjira, mwinanso mainjekita akuthira mafuta mosayenera. Turbo yakufa imatha kuchititsa zimenezi, inde. Koma paipi yong'ambika, sensa yotsekeka ndi mwaye, valavu ya EGR (yobwezera utsi mu injini) yokanirira ndiponso manifold yodzaza kaboni, zonsezi zimapereka zizindikiro zofanana ndendende, ndipo zonse ndi zotchipa kuposa turbo.

Tiyambe ndi njira imene mpweya umayenda, chifukwa mukaidziwa palibe angakuuzeni zabodza. Mpweya umalowa pa fyuluta, n'kupita mu turbo momwe umapanikizidwa. Ukapanikizidwa umatentha, ndiye umadutsa mu intercooler kuti uzizire. Kuchoka apo umadutsa pa kachitseko kamene kali pakhomo pa manifold, kenako manifold imaugawira ku masilinda anayi aja. Manifold payokha ndi chitsulo chamapaipi chabe, ilibe zambiri zoti n'kuwonongeka. Ikanakhala kuti imadutsitsa mpweya woyera wokhawokha, bwenzi ikutha moyo wonse wa galimoto osatsegulidwa.

Vuto ndi alendo awiri amene amalowetsedwa m'njira yomweyo. Woyamba ndi utsi wa ku ekizozi. Injini ya dizilo ikamayaka motentha kwambiri imatulutsa mpweya woipa wotchedwa NOx, womwe umawononga mapapo. Pofuna kuuchepetsa, opanga magalimoto anaika valavu ya EGR, yomwe imatenga gawo la utsi n'kulibwezera mu manifold kuti moto wa m'silinda usatenthetse. Utsiwo umabwera ndi mwaye. Mlendo wachiwiri ndi nthunzi ya oyilo. Mpweya wina umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kutsikira ku sampu, ndipo kuti usaphulitse masilo, umatulutsidwa kudzera pa kapaipi ka breather n'kubwezeredwa kutsogolo kwa turbo. Potuluka umatengako tinthunzi ta oyilo. Mwaye wokha ndi wouma, ukanangodutsa. Oyilo wokha akanangonyowetsa makoma. Koma zikakumana zimachita zomwe zimachitika padenga la malo okazingira tchipisi: utsi wa nkhuni ukasakanikirana ndi mafuta ophikira umamata, chaka ndi chaka n'kumakhuthala, mpaka kuchotsa kwake n'kopala ndi mpeni. Pa makilomita anuwo, si zachilendo kupeza kuti njira ya mpweya pamene EGR imalowera yatsala theka, mwinanso kuchepera apo.

Kayendetsedwe kamathandiziranso. Valavu ya EGR imatseguka kwambiri injini ikamayenda pang'onopang'ono kapena ikangolira galimoto itaima, ndipo imatseka mukaponda mafuta mwamphamvu. Choncho Hilux imene imakhalira kukwawa pa mzere wa magalimoto m'tauni m'mawa ndi madzulo, kenako n'kumalira pageti ya sukulu kudikira ana, imadzaza msanga kuposa inzake imene imakhalira ya Lilongwe kupita ku Mzuzu. Ambiri amaganiza kuti kuyendetsa dizilo mwaulemu, kusintha magiya msangamsanga, n'kuisamala. Kumbali ya manifold si choncho.

Tsopano kufufuza. Yambani ndi zimene sizifuna ndalama. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Fumbi la mu Okutobala limatseka fyuluta msanga kuposa momwe buku limanenera, ndipo kuipopera mpweya wa kompuresa kumang'amba pepala lake, fumbi n'kumalowa kukadya mapiko a turbo. Ngati yatopa, ikani ina. Kenako tsatirani mapaipi onse kuchokera pa turbo, kudutsa intercooler, mpaka pa manifold. Musamangoyang'ana pamwamba, pisani dzanja kunsi n'kufinya. Paipi ya labala imatha kung'ambika kunsi kumene diso silifika, n'kumatseguka pokhapokha turbo ikayamba kupopa. Chizindikiro chodalirika ndi oyilo. Popeza mpweya wa m'mapaipimo umakhala ndi kanthunzi ka oyilo, paliponse pamene ukuthawira pamakhala pakuda, ponyowa, pomatirira fumbi. Mukaona malo otere pa kilampu, pa msoko wa intercooler kapena pamene manifold imakumana ndi hedi, mwapeza poyambira. Mvetseraninso pokwera mtunda mazenera ali otsegula: mluzu wa turbo ndi wachibadwa, koma phokoso loti fuuu limene limayamba mukaponda n'kutha mukasiya, umenewo ndi mpweya ukuthawa.

Pali njira imene makaniko ozolowera magalimoto a petulo amakonda, yopopera mankhwala otsukira kabureta kuzungulira manifold injini ikulira, kuti amve ngati kaliridwe kasintha. Pa dizilo ya turbo njirayi siithandiza. Manifold ya petulo imayamwa mpweya pamalo pong'ambika, pomwe ya dizilo imautulutsa. Ndiponso mankhwala oyaka akalowa mu dizilo imene ikulira, injini imawawotcha nthawi yosayenera, ndipo ingathe kuwonongeka. Njira yoyenera ndi kuzimitsa injini, kutseka paipi kumbali ya turbo, kupopera mpweya wa mphamvu yosapitirira 1 bar, kenako kuwaza madzi a sopo m'malo onse olumikizira. Pothawira pamachita thovu. Magalaja ena ali ndi makina olowetsa utsi m'mapaipi, ndipo amenewo amaonetsa msanga.

Zikatha izi, galimoto ipite pa kompyuta, koma pano ndipamene anthu ambiri amataya ndalama. Makaniko amalumikiza, n'kuwerenga nambala ya vuto, n'kuifufuta, n'kukuuzani kuti gulani chakuti. Nambalayo siinena chimene chafa, imangonena chimene kompyuta ya galimoto yaona kuti sichili bwino. P0299 imatanthauza kuti mpweya wopanikizidwa ukuchepa, ndipo anthu akangoiona amathamangira turbo, pomwe paipi yong'ambika imabweretsa nambala yomweyo. P0234 ndi mpweya wopyola muyezo. P0400 ndi P0401 ndi za kayendedwe ka utsi wa EGR. P0101 ikukhudza sensa yoyeza mpweya wolowa, ndipo manambala oyambira P0105 mpaka P0108 akukhudza sensa ya MAP, yoyeza mphamvu ya mpweya mu manifold. Uzani makaniko alembe manambala onse asanafufute, pamodzi ndi zimene kompyuta inasunga pa nthawi imene nyali inayaka: liwiro, kutentha kwa injini ndi mphamvu ya mpweya. Kukwawa kumene munakuona ku Golomoti kuja ndi kompyuta ya galimoto imene inadula mafuta dala itaona kuti manambala sakugwirizana. N'chifukwa chake mukazimitsa n'kulizanso imabwererako.

Kuyeza kumene ndimakukonda kuposa konse n'kosavuta. Tsegulani kiyi, injini musailize, ndipo muwerenge MAP. Injini ikakhala chete, mpweya wa mu manifold uyenera kufanana ndi wa panja. Mabuku ambiri amalemba 101 kPa (kPa ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), koma imeneyo ndi nambala ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, choncho kwanuko muyembekezere 89 kapena 90 kPa. Ku Dedza, komwe n'kokwera kwambiri, itsikira cha m'ma 84, pomwe ku Nsanje iyandikira 100. Ndikunena izi chifukwa makaniko wosadziwa akaona 89 amati sensa yafa, n'kukugulitsani ina yomwe idzawerengenso 89 yomweyo. Koma ikawerenga nambala yotalikirana ndi imeneyi, kapena ikamachedwa kusintha mukaponda mafuta, pamenepo pali nkhani. Pa injini yanu, yomwe dzina lake ndi 1KD-FTV, sensayi imalandira mpweya kudzera pa kapaipi kakang'ono kokhala ndi kafyuluta ka pulasitiki. Kafyuluta kameneka kamatsekeka ndi mwaye kapena kusweka, kapaipiko kamauma n'kung'ambika, kompyuta n'kumalandira nambala yabodza. Kanthu kochepa ngati chala chachikulu, koma kagulitsitsa maturbo ambiri osalakwa.

Kenako mutuluke naye makanikoyo pamsewu, iye ali ndi kompyuta m'manja, inu muli pa chiwongolero. Pezani mtunda, ikani giya yachitatu kapena yachinayi, pondani mpaka pansi. Ayang'ane mphamvu ya mpweya imene kompyuta ikufuna ndi imene ikupezekadi. Pa injini yabwino nambala imakwera msanga kukayandikira 200 kPa, nthawi zina kupitirirako pang'ono. Ikamakwera mochedwa n'kulekera panjira, ganizirani za mpweya wothawa, EGR yokanirira potsegula, kapena turbo. Koma ikamafika bwinobwino pamene ikufunika, galimoto n'kumakhalabe yofooka ndi yautsi, turbo yagwira ntchito yake, ndipo mpweya ukukanika kudutsa kutsogoloko. Apa ndiye manifold ndi timabowo ta mu hedi timakayikiridwa kwambiri. Ngati galimoto yanu ili ndi sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa ija, pali kuyeza kwinanso: injini itatentha ndipo ikungolira, makaniko alamule valavu ya EGR kudzera pa kompyuta kuti itseguke kenako itseke. Ikatseguka, mpweya watsopano wolowa uyenera kutsika moonekeratu, chifukwa utsi watenga malo ake. Nambala ikapanda kusuntha, valavu yakanirira kapena njira yake yatsekeka.

Pomaliza pa zonse, diso. Kumasula paipi yolowera pa kachitseko kaja n'kuunika ndi tochi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kukhala kwakuda pang'ono m'makoma si vuto, dizilo iliyonse yokhala ndi EGR imakhala choncho. Chimene mukufuna kuona ndi kukhuthala kwake. Ngati sikuludiraiva ikumira mu kaboni, kapena chigongono chimene chimalumikiza EGR ndi manifold chatsala kabowo kongolowa zala ziwiri, yankho mwalipeza ndi maso anu, osati pakamwa pa munthu. Onaninso ngati kaboniyo ndi wouma kapena wonyowa. Wouma wofumbutuka amaloza ku mwaye wochuluka, ndiye kuti mainjekita kapena EGR. Wonyowa kwambiri amaloza ku oyilo wochuluka. Akakhala wamadzimadzi, rediyeta n'kumachepa madzi popanda podontha pooneka, yezetsani choziziritsira utsi wa EGR ngati galimoto yanu ili nacho, chifukwa chimatha kubooka m'kati.

Popeza turbo yatchulidwa, iyezedwe ndithu. Injini itazizira, chotsani paipi yolowera, gwirani nsonga ya shafiti. Kugwedera pang'ono m'mbali n'kwachibadwa, bola mapiko asakhudze khoma. Kusuntha kolowa ndi kutuluka sikuyenera kumveka. Mapiko akhale athunthu, osadyeka. Turbo ya 1KD ili ndi timapiko tosuntha kumbali ya ekizozi, ndipo nato timakanirira ndi mwaye. Pamenepo nthawi zambiri chofunika ndi kutsuka, osati kugula. Kumbukiraninso kuti kufooka kwina sikuchokera ku mpweya. Fyuluta ya dizilo yotsekeka, kapena valavu ya SCV yolamulira mafuta olowa mu pampu ya dizilo ya Denso, yomwe imadziwika ndi kuvuta pa injini zimenezi, zimafooketsa galimoto n'kuyatsa nyali. Kusiyana kwake n'kwakuti injini yosowa mafuta siifuka utsi wakuda. Yanu ikufuka, ndiye tiyang'ane mpweya ndi mainjekita.

Tinene kuti zapezeka kuti manifold yadzazadi. Mankhwala opopera a m'chitini amene amagulitsidwa kuti amatsuka osamasula kanthu, pa kaboni wa makilomita 260,000 sangathe. Choopsa n'chakuti akafewetsa pang'ono, zibuma zimagumukira m'silinda. Manifold ichotsedwe basi. Pa Hilux yanu ntchitoyi ndi ya tsiku lathunthu kwa munthu woidziwa, chifukwa mapaipi achitsulo opita ku mainjekita amatchinga ndipo ayenera kumasulidwa. Apa ukhondo ndi nkhani yaikulu. Dizilo ya m'mapaipi amenewa imayenda ndi mphamvu yoposa 1,500 bar kudutsa m'timabowo tochepa kwambiri, ndipo kamchenga kamodzi kangathe kupha injekita. Ntchito imeneyi si yogwirira pa fumbi pansi pa mtengo. Malo onse otseguka avindikiridwe atangomasulidwa, mapaipi asapindidwe, ndipo paipi imene nsonga yake yadyeka isinthidwe. Injini ikadzalira, munthu asafufuze podontha ndi chala, chifukwa dizilo yothamanga choncho imaboola khungu.

Manifold ikatuluka, kupala kumayamba ndi chitsulo chosathwa kapena kamtengo, kenako kuiviika mu palafini kapena mankhwala ochotsa girizi usiku wonse, kukwecha ndi burashi, n'kutsuka ndi madzi amphamvu a kotsukira magalimoto. Zinthu ziwiri ndimakana. Choyamba ndi soda wa caustic ndi mankhwala otsukira uvuni: amachotsadi kaboni, koma amadya aluminiyamu, ndipo manifold yanu ndi ya aluminiyamu. Chachiwiri ndi kuwotcha. Makaniko ambiri amayatsa gasi wowotcherera m'kati mwa manifold kuti kaboni apse yekha. Imatuluka yoyera, sindikana. Koma aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo amayamba kupindika asanafike pamenepo. Nkhope imene imagona pa hedi ikapindika pang'ono chabe, gasiketi siigwiranso, ndipo mwachotsa vuto limodzi n'kubweretsa lina. Manifold ikakhala ya pulasitiki, ngati za magalimoto ambiri a ku Ulaya, ndiye moto usayandikire n'komwe. Mukatsuka, iume kotheratu. Madzi otsalira pakona akalowa m'silinda sapanikizika, ndipo amapinda kondirodi.

Muli m'katimo, onani timapiko totchedwa swirl flaps. Injini yanu ili ndi mavalavu 16, ndiye silinda iliyonse ili ndi njira ziwiri zolowera mpweya. Injini ikamayenda pang'onopang'ono, kapiko kamatseka njira imodzi kuti mpweya ulowe mozungulira n'kusakanikirana bwino ndi dizilo, ndipo injini ikathamanga kamatseguka. Timapiko timeneti tikakanirira titatseka, injini imapuma ndi theka la njira zake pamene ikufuna mpweya wonse, ndipo zizindikiro zake ndi zanuzo: m'tauni ili bwino, pamtunda utsi. Tisunthidwe ndi dzanja kuona ngati tikuyenda momasuka, shafiti yake isagwedere, ndipo kachipangizo kotikoka pamodzi ndi timapaipi take ta vacuum tiyezedwe.

Pa Toyota timapikoti sitivuta kawirikawiri, koma owerenga ena ali ndi magalimoto amene iyi ndiye nthenda yawo yeniyeni. Pa BMW za injini ya M57, makamaka zakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, timapiko tachitsulo tinkathothoka n'kugwera m'silinda, pisitoni ndi mavalavu n'kuwonongeka nthawi yomweyo. N'chifukwa chake eni ake ambiri amatichotseratu n'kutseka mabowo ake. Pa Volkswagen ndi Audi za 2.0 TDI nambala yodziwika ndi P2015: kamota koyendetsa timapiko kamapitirira malire ake chifukwa poimira padyeka, ndipo nthawi zambiri kachitsulo kakang'ono koikira malire kamathetsa nkhaniyo popanda kugula manifold yonse. Pa Mercedes-Benz za V6 ya OM642, silo ya pakhomo pa turbo imadontheza oyilo pamwamba pa kamota kameneka mpaka kufa, ndiye kusintha kamota osasintha silo n'kutaya ndalama. Mazda CX-5 ya dizilo ya 2.2, yomwe yachuluka pakati pa magalimoto ochokera ku Japan, imadziwikanso ndi kudzaza kaboni, makamaka ikamangoyenda maulendo afupiafupi.

Tibwerere ku Hilux. Gawo limene ambiri amalidumpha, kapena kuligwira molakwika, ndi timabowo ta mu hedi momwe manifold imathirira mpweya. Namonso mumakhala kaboni, ndipo kutsuka manifold n'kusiya mmenemo ndi ntchito ya theka. Koma kupala mwachisawawa n'koopsa. Pisitoni ya dizilo ikafika pamwamba imatsala pang'ono kwambiri kukhudza hedi, ndipo chibuma chouma chikagwera m'katimo, kapena chikakhala pakamwa pa valavu, injini imataya kompuresheni kapena kukana kuzungulira. Njira yake ndi iyi: makaniko azungulitse injini ndi sipanala mpaka mavalavu a silinda imene akuitsukayo atatseka, apale mokokera kunja, ayamwe zinyalala ndi makina oyamwa fumbi, kenako apite pa silinda ina. Mabowo amene sakugwirapo atsekedwe ndi nsanza zoyera, ndipo nsanzazo aziwerenge poika ndi pochotsa. Kumayiko ena amapopera tizidutswa ta zikhokho za mtedza wa walnut pa ntchito imeneyi, koma dzanja lodekha limafikanso pomwepo. Asanalize injini, aizungulitse ndi dzanja kawiri kuti atsimikize kuti palibe chikugunda.

Intercooler nayo itsikepo. Kanyontho ka oyilo m'kati mwake n'kachibadwa, koma mukaipendeketsa n'kutuluka oyilo wodzaza kapu, fufuzani kumene akuchokera, turbo kapena breather. Oyilo ameneyo asasiyidwe, chifukwa injini ya dizilo imatha kuyenda ndi oyilo ngati mafuta. Akayamwidwa wambiri nthawi imodzi, injini imathamanga yokha, ndipo ngakhale muzule kiyi siizima. Zikachitika pa galimoto ya magiya a manja, ikani giya yapamwamba, pondani buleki mwamphamvu, n'kusiya kilatchi kuti izime. Mukatsuka intercooler ndi palafini, iumenso kotheratu pa chifukwa chomwechi.

Pobwezera, magasiketi akhale atsopano onse, wa manifold ndi a EGR omwe. Silikoni asalowepo: akafinyidwa amatulukira m'kati, kenako n'kuthothoka n'kupita m'silinda. Nkhope ya manifold iyezedwe ndi chitsulo chowongoka kuona ngati siinapindike. Mabawuti amangidwe kuyambira pakati kupita kunja, ndi sipanala yoyeza mphamvu, motsatira buku la injiniyo. Makaniko amene amamanga ndi mphamvu ya m'mapewa ndi amene amadula ulusi mu hedi ya aluminiyamu. Valavu ya EGR ndi kachitseko kaja zitsukidwe mosamala, mankhwala asalowe mbali ya magetsi. Akamaliza, apope dizilo pa kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe, alize, afufute manambala, ndipo mubwerere pa mtunda womwe uja ndi kompyuta kuti muyerekeze ndi zimene munaona poyamba.

Za kutseka EGR, ndinene maganizo anga mosabisa. N'zoona kuti kachitsulo kotchinga kakaikidwa, mwaye umasiya kulowa mu manifold. Koma sikachotsa kaboni amene alimo kale. Pa injini zambiri zamakono kompyuta imazindikira kuti utsi sukudutsa, n'kuyatsa nyali kapena kudula mphamvu, ndiye mumayambanso kulipira munthu woti asinthe pulogalamu ya kompyuta, ndipo si onse amene amadziwa chimene akusintha. Utsi wa NOx umachuluka, ndipo amene amaupuma ndi ana oyenda m'mphepete mwa msewu ndi amayi ogulitsa pamsika. Abale athu amene ali ku Britain adziwenso kuti kumeneko kuyendetsa galimoto yochotsedwa zida zochepetsa utsi n'kulakwira lamulo. Chachikulu kwa inu monga mwini galimoto n'chakuti kutseka EGR kumabisa chizindikiro. Ngati injini ikupanga mwaye wochuluka chifukwa mainjekita atopa, mwayewo upitirizabe kulowa mu oyilo ndi mu turbo, inu osadziwa. Ine ndingakonde EGR yoyera, yogwira ntchito, pa injini imene ikuwotcha bwino.

Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni, chifukwa manifold ikatsukidwa gwero la kaboni lisanapezeke, imadzazanso. Pa 1KD yambani ndi mainjekita. Kompyuta imaonetsa mmene ikuwonjezera kapena kuchepetsa mafuta pa silinda iliyonse kuti injini ilire mofanana, ndipo malire a Toyota ndi 3.0 kumbali zonse, kuwonjezera kapena kuchotsera. Yezani injini ili yozizira komanso itatentha. Injekita imene ikuyandikira kapena kupyola malirewo ikayezedwe pa benchi kwa akatswiri a mapampu a dizilo. Injekita yodontha pa injini imeneyi si nkhani ya utsi wokha, imatha kuswa pisitoni. Palinso mawasha amene mainjekita amakhalira. Pa 1KD mainjekita ali kunsi kwa chivundikiro cha mavalavu, ndiye washa akayamba kuthawitsa mpweya, utsi wa m'silinda umalowa mu oyilo. Oyilo amakhuthala, nthunzi ya pa breather imachuluka, ndipo kaboni amakatseka sefa yoyamwira oyilo mu sampu mpaka injini kugwira. Pa makilomita anuwo, ngati simukudziwa kuti mawashawa anasinthidwa liti, asinthidwe pa ntchito yomweyi popeza mapaipi amasulidwa kale, ndipo pothira oyilo watsopano makaniko aunike sefayo kudzera pa bowo lotayira oyilo.

Funsaninso ngati thermostat, valavu yolamulira kutentha kwa madzi a injini, ilimo. Chizolowezi choichotsa poti kuno n'kotentha chawononga injini zambiri. Dizilo imene siifika pa kutentha kwake, cha m'ma 80 mpaka 90 digiri, siiwotcha mafuta mokwanira, ndipo mwaye umachuluka. Kompyuta ikuonetsani kutentha kwenikweni, kansingano ka pa dashibodi musakadalire. Oyilo akhale wa mtundu umene buku likunena, asinthidwe pa nthawi yake, ndipo asapyole mzere wapamwamba pa dipisitiki, chifukwa wopyolayo amathera mu breather. Amene magalimoto awo ali ndi DPF, sefa yotchera mwaye mu ekizozi, monga ambiri ochokera ku Japan ndi ku Ulaya, afunika oyilo wa phulusa lochepa, wolembedwa DL-1 kapena wa gulu la ACEA C limene buku lawo latchula. Dizilo ya m'zigubu ya pa nthawi imene mafuta asowa, yomwe simudziwa kuti yasakanizidwa ndi chiyani, imafupikitsa moyo wa mainjekita.

Kachitini kotchera oyilo, kotchedwa catch can, koikidwa pa paipi ya breather, ndimakavomereza. Kamachotsa mmodzi mwa alendo awiri aja osakhudza EGR, ndipo mwaye ukasowa pomatirira umangodutsa. Koma kakhale kokhala ndi sefa yeniyeni m'kati ndi mapaipi aakulu mofanana ndi oyambawo. Kachitini kotchipa kothina kamapanikiza mpweya mu sampu, masilo n'kuyamba kudontha. Muzikakhuthula pa sevisi iliyonse, ndipo kamodzi pa sabata kapena ziwiri galimoto izituluka m'tauni, ithamange pamsewu waukulu kwa theka la ola injini itatentha bwino.

Popita ku galaja, pemphani kuti akuitaneni manifold ikangotuluka, isanatsukidwe, muione nokha ndi kuijambula. Sungani pepala la manambala a MAP, a mainjekita ndi a kutentha kwa injini, a ntchito isanayambe ndi a itatha. Pakatha makilomita 20,000, masulaninso paipi ya pakhomo pa manifold n'kuunika. Mukapeza kakuda kochepa kouma, zili bwino. Mukapeza kuti kaboni wonyowa wayambanso kukhuthala, pitani mukayezetse kompuresheni ndi mpweya wotuluka pa breather, chifukwa pamenepo tikhala tikukamba za maring'i a mapisitoni.